Kabini kapena pa deki? Zimene tinaona m'sitima ya Ilala

Mwana wa mlongo wathu amene agwila nchito ku Johannesburg anatitumizila zithunzi pa WhatsApp masiku apitawa. Anali atakwela cisitima cacikulu ca pamadzi, ca zija zimanyamuka pa doko la Durban kupita ndi anthu okaceza ku zisumbu za ku Mozambique. Pansi pa zithunzizo analembapo madandaulo. Akuti anasankha kabini yochipa ya m'kati mwa sitima, yopanda windo, ndipo masiku onse anali kuuka osadziwa ngati kwaca kapena kukali usiku, pamene anzake amene analipila zambili anali ndi khonde lawolawo loyang'ana kunyanja. Anamaliza ndi kutiseka kuti: "Amalume, inu a ku Chama nkhani izi simungazimve. Sitima yanu ni bwato la pa Luangwa."

Tinaseka nafenso, koma tinamuyankha kuti sitima tinakwelapo, ndiponso kuti nkhani yosankha kabini inatidyela ndalama ndi tulo. Popeza ambili a kuno kwathu ali ndi ana ndi abale ku Mzuzu, ku Nkhata Bay ndi kutsidya kwa nyanja, taona kuti ndi bwino tilembe zimene tinaona, kuti wina akadzafika pogulila matikiti asadzaime kukamwa yasa monga tinacitila ife.

Unali mwezi wa August mu 2019. Mwana wathu wamwamuna, amene agwila nchito ku Mzuzu, anapeza mbeta ya pa cisumbu ca Likoma, ndipo inakwana nthawi yakuti ife makolo tikaonekele kwa eni mwana. Kwathu kuno nkhani ya cikwati siyenda popanda ankhazi a mnyamata. Motelo alongo athu aakulu, amene zaka zawo zinali zitapitilila 70 ndipo maondo anali atayamba kale kuwakana, anayenela kupita nawo. Tinagulitsa matumba asanu a mpunga ndi kunyamuka atatu: ife, amai akunyumba ndi alongo athuwo. Tinagona ku Lundazi, m'mawa mwake tinadutsa malile pa Lusuntha ndi kulowa m'Malawi pa Mqocha, kukatulukila pa Jenda pa mseu waukulu wa ku Mzuzu, kumene mnyamata anali kutiyembekeza. Kucoka ku Mzuzu kutsikila ku Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 50. Alongo athu ataona madzi aja koyamba anakhala cete kanthawi, kenaka anafunsa kuti tsidya lake lili kuti. Kwa munthu wozolowela Luangwa, mtsinje umene m'cilimwe ungakuwilane ndi mnzako ali kutsidya, funsolo linali loyenela ndithu.

Sitima yake ndi Ilala. Dzinali ndi la kwathu ku Zambia, ngakhale ambili sadziwa. Ilala ndi dela la Alala kwa Mfumu Chitambo, kumene David Livingstone anafela mu 1873. Amishoni a ku Scotland atabweletsa sitima yawo yoyamba pa nyanjayi mu 1875 anaicha Ilala pomukumbukila. Imene tinakwela ife ndi yaciwili kukhala ndi dzinalo. Inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow kufupi ndi Glasgow, inabwela zidutswazidutswa kudzela pa doko la Beira, ndipo atailumikiza ku Monkey Bay inayamba nchito mu 1951. Kutalika kwake ndi mamita 52. Sitima yochedwa Icon of the Seas, imene inayamba kunyamula anthu okaceza ku Caribbean mu 2024, ndi yaitali mamita 365, ndiye kuti ma Ilala asanu ndi awili mutawandandalika. Conco mwana wa mlongo wathu angaseke. Koma funso limene linamuvuta iye ku Durban ndi lomwe linativuta ife pa Nkhata Bay: ndalama yanga ndiigonele pati?

Panthawiyo sitimayi inali kunyamuka ku Monkey Bay pa Cisanu, kukwela kumpoto mpaka ku Chilumba, ndi kubwelelanso. Pobwelela inali kufika pa Nkhata Bay pa Mande masana ndi kunyamuka usiku kulowela ku Chizumulu ndi ku Likoma. Ulendo wathu tsono unali wa usiku umodzi cabe. Cimeneci sitinaciganizile bwino pogula matikiti.

Malo okhala m'sitimamo ali panai. Pansi, kufupi ndi injini, ndi pa ekonomi, pa mabenchi ouma, ndipo ndi pamene pali unyinji wa anthu. Likoma ndi Chizumulu ndi zisumbu za miyala ndi milambe, zokolola zake sizikwana kudyetsa anthu ake, motelo pafupifupi ciliconse cimabwela pa madzi. Tinaona matumba a cimanga ndi a simenti, malata, mabokosi a zakumwa, njinga, nkhuku zomanga miyendo, ndipo pakati pa zonsezi amai anali atayala zitenje ndi kugoneka ana. Pafupi pomwepo pali cipinda ca sekondi kalasi, ca mipando yofewa ndi matebulo. Mukakwela masitepe mufika pa makabini, amene ndi ocepa, osakwana khumi, ndi cipinda codyela. Kabini wamba ili ndi mabedi awili ndi kabeseni kosambila kumaso, koma bafa ndi cimbudzi mugawana ndi a m'makabini ena. Pali imodzi imene amaicha kabini ya mwini sitima, yokhala ndi bafa lakelake. Pamwamba penipeni ndi pa deki ya fesiti kalasi, pabwalo poyela, pokhala ndi bala ndi matilesi obweleka ndi ndalama pang'ono. Azungu okaceza ambili amakonda pamenepo.

Mwana wathu anali atatumila foni kukali masabata angapo, ndipo anapeza kabini imodzi cabe. Matikiti ena awili anagula a pa deki ya pamwamba. Mtengo wa kabini unaposa wa pansi kuwilikiza kangapo, ndipo atatiuza tinaona mpunga wathu ukupita ndi madzi. Komabe tinadzitonthoza kuti munthu wopita kwa asewele safika ngati wothawa nkhondo.

Mabedi awili, anthu anai. Tisabise, m'mtima kabiniyo tinali kuifuna ife. Tinaganiza kuti ndife otsogolela ulendo, m'mawa ndife tidzalankhula pamaso pa akuluakulu, ndipo suti yathu inali yosita bwino. Amai akunyumba anatiyang'ana ndi diso lija amuna okwatila alidziwa, nati: "Bambo, alamu ndiwo agone umo. Imwe suti yanu ikoloweni pa msomali." Tinavomela, ngakhale mosakondwa.

Koma alongo athu atasuzumila m'kabinimo, ataona kacitseko kacitsulo ndi kucepa kwa cipinda, anabwelela m'mbuyo.

"Alongo, ine m'bokosi ili sindilowa ndikali moyo. Madzi akabwela ndidzatulukila pati?"

Tinawanyengelela, mwana wawo anawanyengelela, koma anakanilatu. Pokwela anali atamva amai ena pansi paja akulankhula Citumbuka, ndipo anati akakhala ndi amenewo. Wa tikiti ya pamwamba saletsedwa kutsika, conco anatsika, ndipo amai akunyumba anawatsatila cifukwa sakanasiya alamu awo okha. Kabini inatsala kwa ife. Tinalowa, tinakoloweka suti, tinakhala pa bedi. Sitima inali ikali kupakila katundu, mphepo siinali kulowa, ndipo patapita theka la ola tinayamba kutuluka thukuta. Tinakhoma citseko ndi kukwela pa deki kukapeza mnyamata. Motelo m'cipinda codula kwambili cimene tinalipilapo m'moyo wathu munayamba kugona sutikesi.

Maola oyamba pa deki anali okoma. Magetsi a Nkhata Bay anali kucepa kumbuyo kwathu, kamphepo kanali kuomba, ndipo tinagula tiyi ndi kukhala ngati mabwana. Titatuluka m'khonde la dokolo ndi kulowa pakati pa nyanja, zinthu zinasintha. Miyezi yozizila, kuyambila ca m'May mpaka ca m'September, pa nyanjayi pamaomba mphepo yochedwa mwera, yocokela kum'mwela cakum'mawa. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 550 ndipo pena ndi yakuya kupitilila mamita 700, tsono mphepoyo imapeza mtunda wautali wokankhila madzi, ndipo mafunde amafika kumpoto atakula. Sitima yocoka ku Nkhata Bay kupita ku Chizumulu imayang'anizana nawo maso ndi maso. Inayamba kukweza mphuno ndi kuigwetsa, kwinaku ikupendekela uku ndi uku. Kapu ya tiyi inayenda yokha pa tebulo. Ku seminale anatiphunzitsa kuti liu la Cilatini la mselu, nausea, linacokela ku liu la Cigiliki lotanthauza sitima. Tinaloweza kuti tipase mayeso. Tanthauzo lake tinalimva usiku umenewo, titagwila citsulo ca m'mbali ndi manja awili, nsima ya pa Nkhata Bay ikubwelela kwa nsomba.

Mkulu wina wa ku Chizumulu, amene anali kubwelela kwao ndi maukonde atsopano, anatiyandikila nati: "Ada, pano mwakwela kunsonga. Tsikani." Anatifotokozela cinthu cimene munthu wa m'cigwa ca Luangwa anayenela kucidziwa yekha. Mphepo ikaomba mgwalangwa, nsonga ndiyo imapita uku ndi uku, tsinde lili phee. Sitima nayo ndi cimodzimodzi. Mukakwela pamwamba mugwedezeka kwambili, mukatsika kufupi ndi madzi mugwedezeka pang'ono. Ndiponso kumphuno ndi kumbuyo ndiko kumakwela ndi kugwa, pamene pakati pamakhala pokhazikika. Lamulo limeneli ndi limodzi pa sitima iliyonse, yaing'ono kapena yaikulu. Makabini odula a pamwamba, a makonde aja, ndiwo amayamba kudwalitsa anthu nyanja ikakwiya. Kabini yopanda windo imene mwana wa mlongo wathu anali kudandaula nayo, ngati inali pansi ndi pakati, mwina ndiyo inamupulumutsa ku zimene zinatigwela ife.

Tinatsika mogwilila kukaona amai aja, tikuganiza kuti ngati ife tafika potele ndiye kuti nkhalamba yatha. Tinawapeza atatsamila thumba la cimanga, miyendo atatambasula, ali pa mkangano ndi mai wina wa ku Karonga wonena kuti mpunga wa Kilombero ndi wonunkhila kuposa wa ku Chama. Anali atadya nsima ya nyemba yogula pa khichini ya pansipo, ndipo m'mimba munali bwinobwino. Anatiyang'ana nkhope nati: "Alongo, mwaona mzukwa kumwambako?"

Pansipo pali zovuta zake, ndipo zinaonekela titafika pa Chizumulu pakati pa usiku. Sitima inaponya nangula, maboti awili anatsitsidwa, ndipo anthu ndi katundu zinayamba kutuluka ndi kulowa mu mdima. Thumba limene alongo athu anatsamila linali la munthu wotsikila pomwepo, ndipo linapita. Malo ogona anasokonezeka, okwela atsopano anali kulumpha miyendo ya ogona, ndipo maondo aja, atakhala pansi maola ambili, anauma. Apo ndipo anavomela kukwela ku kabini, koma ndi lamulo lakuti citseko cikhale cotsegula. Mnyamata anawanyamula pa masitepe. Iwo ndi amai akunyumba anatenga mabedi awili aja, ife tinakhala pa benchi panja pa citseko ngati mlonda, titafunda citenje ca amai. Tikawelenga bwino, kabiniyo inagonedwa maola osapitilila anai.

Mantha a alongo athu sitiwaseka. Pa 30 July mu 1946 sitima yochedwa Vipya, ikali yatsopano, inagubuduzika ndi mphepo kufupi ndi Florence Bay, kumene lelo kuli Chitimba, ndipo anthu 145 anamila. Ilala inabwela kudzalowa m'malo mwake. Zaka zoposa 70 zapita ndipo Ilalayo yadutsa mwera wosawelengeka, koma funso la nkhalamba lija, lakuti ndidzatulukila pati, ndi limene aliyense ayenela kufunsa akangolowa, kaya ali m'kabini kaya ali pa benchi. Yang'anani kumene kuli masitepe, kumene kuli maboti, ndi kumene asunga majekete oyandamitsa munthu. Ife tinayamba tayang'ana pokoloweka suti.

Kunaca tili pa Likoma. Panthawiyo sitima inali kuima patali ndi gombe, ndipo onse, a m'kabini ndi a pa ekonomi, anali kutsikila pa khomo limodzi ndi kulowa m'maboti omwe aja. Boti imakwela ndi kutsika ndi funde, tsono uyenela kuponda pa nthawi yake, wina akukugwila mkono, wina akukupatsila mwana wa eni kuti umulandile. Pafupi ndi mcenga boti inaima, ndipo mtunda wotsalawo unali wa m'madzi ofika m'maondo. Asewele athu, amene tinavutikila kuti atione tili aulemu, anationa koyamba titapinda buluku la suti mpaka m'nchafu, nsapato zili m'manja, sutikesi ili pamutu, ndipo ankhazi a mnyamata ali kumsana kwa mnyamata wina wa pa dokopo ngati khanda. Anaseka, tinaseka, ndipo tikhulupilila kuti nkhani imene tinapitila inayamba kuyenda bwino pomwepo.

Tinakhala pa cisumbupo mpaka pa Ciwelu, kuyembekeza kuti sitima ibwelele kucoka kum'mwela. Tinakaona chalichi cacikulu ca Anglican ca St Peter, cimene anayamba kumanga mu 1903 ndi kutsiliza mu 1911, nyumba yodabwitsa kuipeza pa kacisumbu kotele. Tsiku lina tinaona ngati utsi wakuda ukukwela pakati pa madzi, ndipo tinafunsa kuti cikupsa nciani. Anatiuza kuti ndi nkhungu, tizilombo touluka totuluka m'nyanja, timene anthu amagwila ndi kuumba ndiwo. Alongo athu analawa ndipo sanapemphe zina.

Pobwelela tinasankha mosiyana, ndipo ndalama zinacepa kwambili. Amai awili aja tinawagulila sekondi kalasi. Mpando ndi wofewa, palibe masitepe okwela, khomo lotulukila lili pafupi, ndipo ndi pansi posagwedezeka. Ife ndi mnyamata tinabwelela pa deki ya pamwamba, ulendo uno ndi mabulangeti obweleka kwa asewele. Mwera unali kuomba ndithu, koma tsopano unali kumbuyo kwathu, ukukankha sitima m'malo molimbana nayo, ndipo kugwedezeka kwake kunali ngati kwa mwana pa msana. Tinagona cagada pa matilesi, nyenyezi zili mbuu kumwamba, ndipo patali pa madzi panali mzele wa nyali za asodzi a usipa, ngati mudzi woyandama. Tinafika pa Nkhata Bay usiku, ndipo popeza sitima inali kunyamukanso m'mawa, tinagona momwemo mpaka kunaca, osalipila nyumba ya alendo. Pa malo onse amene tinayesa, usiku umenewo ndi umene tikumbukila ndi cimwemwe.

Sitikunena kuti kabini ndi yopanda nchito. Wocoka ku Nkhata Bay mpaka ku Monkey Bay anali kukhala m'sitima kuyambila pa Mande mpaka pa Citatu, ndipo masiku otelo munthu afuna bedi, pobisala posintha zovala ndi citseko cokhoma. Mai wa mwana wakhanda, munthu wocoka ku cipatala, kapena wonyamula ndalama za malonda, kabini imuyenela ngakhale kwa usiku umodzi, ndipo aisungitse kukali nthawi cifukwa ndi zocepa. Koma musanagule, mufunseni mwini wake amene mukumugulilayo ngati adzalowamo. Ife tinagulila nkhalamba cinthu cimene sitinaifunse, ndipo kunena zoona tinadzigulila tokha m'dzina lake. Kwa usiku umodzi, munthu wa thanzi amene m'mimba mwake simucedwa kutembenuka apite pa deki, makamaka ngati alowela kumpoto kapena ngati si nyengo ya mwera. Wodziwa kuti ngakhale m'basi ya ku Lundazi amasanza, asakwele kunsonga.

Zina ndi zazing'ono koma tinaziphunzila movutika. Pamwamba pamazizila kwambili m'August kuposa mmene munthu wa m'cigwa angaganizile, tsono bulangeti ndi cipewa musasiye. Tochi ndi yofunika potsika usiku. Pasipoti, foni ndi ndalama zikhale m'pulasitiki womanga bwino, cifukwa m'boti madzi amalowa. Kwaca ya ku Zambia musinthiletu kukhala ya ku Malawi musanafike pa doko, ndipo ikhale yaing'onoing'ono yogulila tiyi ndi nsima. Nsapato zikhale zovula msanga. Ndiponso musapangane ndi munthu ola lenileni lofikila, pakuti sitima yonyamula cakudya ca zisumbu ziwili imanyamuka katundu akatha kupakilidwa ndiponso mphepo ikalola. Nthawi zonyamukila ndi mitengo zimasintha, tsono funsani kwa abale a ku Nkhata Bay musanacoke ku Chama.

Zonsezi tinamulembela mwana wa mlongo wathu uja, ndipo anayankha kuti ulendo wina adzafunsa kaye kuti kabini ili pa deki iti asanafunse za windo. Cikwati ca mwana wathu cinacitikila ku Mzuzu mu December caka comweco, kuti a mbali zonse ziwili afike mosavuta. Titawauza alongo athu kuti ulendo uno ndi wa basi cabe, palibe kukwela sitima, anakhumudwa. Anali atakonza kale kathumba ka mpunga wa ku Chama koti akapatse mai uja wa ku Karonga ngati akakumana nayenso pansi paja.